Mbalame za pagombe la Karonga, mboni za madzi ochokera ku Kayelekera

Mvula ikagwa m'mapiri a ku Kayelekera, madzi ake sagona komweko. Amatsetsereka m'makhwawa kukalowa mumtsinje wa Sere, Sere n'kukawatula mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amayenda nawo mpaka kukawathira m'nyanja ya Malawi chakumpoto pang'ono kwa tawuni ya Karonga.

Pamathiriro a mtsinjewu, pomwe matope a kumapiri amakumana ndi mchenga wa kunyanja, pamatera timbalame totuwa, tamiyendo yowonda, timene anthu ambiri amangotidutsa. Msodzi wosoka ukonde wake satiwerengera. Mayi wotsuka mbale satiyang'ana kawiri. Mwana yekha ndiye amatiponyera diso, makamaka akakhala ndi legeni m'thumba.

Komatu tina mwa timbalameti tayenda ulendo umene anthu ambiri a pagombepo sadzauyenda moyo wawo wonse. Tidaswedwa kumpoto kwenikweni kwa dziko la Russia, ndipo tauluka makilomita oposa 8,000 kudzatola nyongolotsi m'matope a ku Karonga. Nyongolotsizo zimakulira m'madzi amene adutsa kumunsi kwa mgodi wa uranium, m'minda ya anthu ndi m'midzi. Amene amayang'ana mbalamezi chaka ndi chaka, kuziwerenga ndi kuzijambula, amakhala akulembanso mbiri ya madziwo.

Mabuku a ku Ulaya akamakamba za mbalame za pagombe m'nyengo yozizira, amanena miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, pomwe kwawoko madambo amauma gwa ndi kuzizira. Kuno nthawi imeneyo ndi dzinja, alimi ali kalikiliki kuwokera mpunga. Chisanu cha kuno chimadza mu Juni ndi Julaye. Kotero gombe la Karonga limaona magulu awiri a mbalame mosinthana: eni mudzi, amene amaonekera bwino m'chisanu cha kuno, ndi alendo othawa chisanu cha kwawo.

Eni mudzi

Kuyambira mwezi wa Meyi mphepo ya mwera imayamba kuomba, nyanja n'kumawinduka, asodzi ena n'kumagona kumtunda. Ndi nthawi yomweyinso pamene madzi a m'nyanja, atafika pachimake kumapeto kwa mvula, amayamba kuphwera pang'onopang'ono mpaka Novembala kapena Disembala. Mchenga umene udamira umatulukira, ndipo pamathiriro a mitsinje pamabadwa tizilumba.

Mfumu ya gombe aliyense amaidziwa. Nkhwazi, yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, imaswa m'miyezi yopanda mvulayi, ndipo kulira kwake itapendeketsa mutu chagada kumamveka kutali. Pali mphipi zimene zimamira kusaka nsomba kenaka n'kukhala pamwala zitatambasula mapiko kuti ziume. Pali akakowa oyera, nantchengwa womanga chisa chachikulu ngati nkhokwe, atsekwe m'madambo, ndi mbalame zamutu wotuwa ndi milomo yofiira zimene zimazungulira mabwato a usipa akamakocheza m'mawa. Zimenezi Angerezi amazitcha grey-headed gull. Mayina a mbalamezi m'Chingonde ndi m'Chitumbuka ndi ena, ndipo agogo a kunyanja amawadziwa kuposa buku lililonse.

Koma kambalame koyenera kukadziwa bwino m'chisanu ndi kena kakang'ono, kamtundu wa mchenga womwewo, koyera pamphumi, kamene m'mabuku amakatcha white-fronted plover. Kamathamanga ngati kakugubuduka, n'kuima zii, n'kuthamanganso. Sikamanga chisa mumtengo. Kamangofukula kadzenje pamchenga poyera n'kuikirapo mazira awiri, nthawi zina atatu, a mawangamawanga. Kakaona munthu akubwera kamakankhira mchenga pamazirawo n'kuchokapo. Munthuyo akayandikira kwambiri, kamayamba kukwawa kakukoka phiko ngati lathyoka, kuti mdani atsate iko n'kuiwala chisa.

Ana ambiri amanyengeka n'kuyamba kukathamangitsa. Chimene sadziwa n'chakuti nthawi yonse imene kholo lachoka, mazira ali padzuwa, ndipo dzuwa la ku Karonga silisewera ngakhale mu Ogasiti. Ng'ombe zopita kukamwa madzi, agalu, ndi ngolo zotuta mchenga womangira nyumba zimapondanso zisa zotere mwini wake osadziwa n'komwe kuti wapalamula.

Mbalame ina yoswera pamchenga ndi African skimmer, yakuda kumsana, yoyera kumimba, imene mlomo wake wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Imauluka chapansipansi ikulima madzi ndi mlomowo mpaka itagunda kansomba. M'dziko muno imadziwika kwambiri pamtsinje wa Shire ku Liwonde. Woiona pamathiriro a mtsinje wa kumpoto alembe tsikulo, chifukwa wapeza chinthu chosaoneka wamba.

Mu 2024 nyanja ya Malawi idakwera kwambiri moti idameza magombe, minda ndi malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Anthu adawerengetsera nyumba ndi katundu amene adawonongeka. Mbalame zoswera pamchenga nazo zidasowa pogwira, chifukwa mchenga umene zimadalira udali pansi pa madzi.

Alendo a m'dzinja

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa amakhalitsako ndithu, ena miyezi isanu ndi itatu, koma sakwatira kuno ndipo samanga chisa kuno.

Woyamba kufika, chakumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti, kawirikawiri amakhala common sandpiper. Kuidziwa n'kosavuta: imayenda yokhayokha m'mphepete mwa madzi ikugwedeza mchira m'mwamba ndi pansi osalekeza, ndipo ikadzidzimuka imauluka chapafupi ndi madzi mapiko atauma, ikulira mokweza. Siisankha malo. Imapezeka pagombe, pamiyala ya m'mitsinje ya kumapiri monga ya ku Kayelekera, ngakhale padamu la m'mudzi.

Pofika Okutobala anzake amakhala atachuluka. Greenshank ndi wamtali, wamiyendo yobiriwirako, ndipo amalira katatu motsatizana akamanyamuka. Wood sandpiper amakonda madzi osaya a m'minda ya mpunga, kotero alimi a kumasikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya amakhala naye limodzi dzinja lonse. Ruff, amene kwawo ku Ulaya tambala wake amavala nthenga za m'khosi zonyaditsa pofunsira, kuno amaoneka wamba ngati wavula suti atachoka kuukwati. Kakang'ono kuposa onse ndi little stint, kolemera magalamu 20 mpaka 30, ngati masipuni awiri aakulu a shuga. Kameneka ndiye kochokera m'madambo ozizira a m'mphepete mwa nyanja ya Arctic.

Chimazithamangitsa kwawo ndi njala. Kumpotoko m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limakhala ngati sililowa, tizilombo timachuluka, ndipo anapiye amakula msanga. Kukangoyamba kuzizira nthaka imauma, chakudya n'kutha. Mbalame zimanenepa dala zisananyamuke, mafutawo n'kukhala kamba wa paulendo, ndipo zimapuma m'nyanja ndi m'madambo a m'njira. Nyanja za m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia kutsika ku Kenya ndi Tanzania mpaka kuno, zili ngati masiteshoni a basi. Siteshoni imodzi ikauma kapena ikaipitsidwa, ulendo wonse umasokonekera.

Azungu nawo adatenga nthawi kuti adziwe kumene mbalame zawo zimapita. Kalekale ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi mpaka chisanu chithe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, padapezeka dokowe ali ndi muvi wa ku Africa utamupyoza pakhosi. Adauluka nawo ulendo wonsewo. Dokoweyo adamuumika ndipo amasungidwa kuyunivesite ya Rostock. Mlenje wa ku Africa amene adaponya muviwo adagona ndi njala tsiku limenelo, osadziwa kuti waphunzitsa anthu a ku Ulaya. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, adayamba kuveka mbalame timphete tamanambala kumiyendo, njira imene ikugwirabe ntchito.

Masiku ano nkhani ya mbalamezi siili bwino. Mu 2024 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo, lidakweza chiopsezo cha mitundu 16 ya mbalame za pagombe zoyenda maulendo ataliatali. Umodzi mwa mitunduyo ndi curlew sandpiper, wamlomo wopindikira pansi, amene amadutsanso m'dziko muno. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la AEWA loteteza mbalame za m'madzi zoyenda pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia mu 2019.

Za kumtunda

Mgodi wa Kayelekera uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa tawuni ya Karonga, pamsewu wopita ku Chitipa. Kampani ya ku Australia ya Paladin idautsegula mu 2009, mtsogoleri wa dziko lino ali Bingu wa Mutharika. Mtengo wa uranium utagwa kutsatira ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan mu 2011, kampaniyo idaimitsa ntchito mu 2014. Mu 2020 mgodiwo udagulidwa ndi kampani inanso ya ku Australia, Lotus Resources, boma la Malawi n'kukhala ndi magawo 15 pa 100 aliwonse, ndipo mu 2025 ntchito yokumba idayambiranso.

Nkhani ya madzi yakhala ikutsatira mgodiwu ngati chithunzithunzi. Mu 2015 Paladin, italandira chilolezo cha boma, idayamba kutulutsira mumtsinje wa Sere madzi amene idati yawayeretsa kufika pamlingo wovomerezeka. Mabungwe ena omwe si aboma adatsutsa, ndipo anthu a kumunsi adachita mantha. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lokhudza migodi ya m'boma la Karonga, kuphatikizapo ya malasha, ndipo dandaulo lalikulu lidali lakuti anthu a m'midzi sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi amene amamwa.

Nkhawayo ndi yomveka. North Rukuru ndi mtsinje umene mpasa ndi sanjika zimakwera kukaswa. Anthu amasamba, kuchapa ndi kumwetsa ziweto momwemo. Madzi a m'mipopi ya m'tawuni ya Karonga amapopedwa m'nyanja imene mtsinjewu umathiramo.

Apa m'pofunika kunena mosapsatira kuti mbalame si makina oyezera uranium. Ntchito imeneyo ndi ya akatswiri, ndipo alipo amene lamulo lidawapatsa udindo: bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi la Malawi Environment Protection Authority. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga kuboma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero mfumu, komiti ya chitukuko kapena munthu wamba ali ndi mphamvu yofunsa zotsatirazo. Woona kambalame kakufa pagombe n'kuthamangira kuloza chala kumgodi akhala akulakwira choonadi.

Chimene mbalame zimatha kuchita n'kuchenjeza. Zimadya nyongolotsi, nkhono ndi tinsomba, kotero chakudyacho chikachepa nazonso zimachepa kapena kusamuka. Ngati pamalo pamene pankatera mazana a mbalame Januwale aliyense payamba kutera makumi awiri okha, zaka zitatu zotsatizana, pamenepo pali funso loyenera kufunsidwa. Yankho likhoza kukhala matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo, mankhwala a m'minda ya mpunga, kukwera kwa nyanja, misampha, mavuto a kutali ku Siberia, kapena za kumgodi. Koma popanda amene adawerenga kale, palibe angadziwe kuti zachepa. Pamatsala kukangana chabe, wina akuti kale zidali zambiri, wina akuti mukukokomeza.

Ndipo zoona zake n'zakuti mdani amene mbalamezi zimakumana naye tsiku ndi tsiku ali pafupi kuposa mgodi. Ndi legeni, ulimbo, makhwekhwe, ndi zidutswa za maukonde a nayiloni zotayidwa pagombe zimene zimakola miyendo. Ku nyanja ya Chilwa, imene idakhala dambo loyamba la dziko lino kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar, kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti alenje ankagwira mbalame zoposa miliyoni imodzi pachaka. Nyanjayo itauma mu 1995 nsomba zidasowa, ndipo anthu adatembenukira ku mbalame. Pambuyo pake alenje eni ake adapanga magulu, n'kugwirizana za nyengo yosasaka ndi malo osakhudza. Palibe adawauza kuti aleke kudya ndiwo. Adangoona kuti akapha ndi zoswa zomwe, chaka chamawa mphika ukhala wopanda kanthu.

Kuwerenga ndi kujambula

Kalembera wa mbalame za m'madzi padziko lonse adayamba mu 1967 ndipo amachitika Januwale aliyense, motsogozedwa ndi bungwe la Wetlands International. Ku Africa kuno amawonjezera kuwerenga kwina mu Julaye, ndiye kuti magulu onse awiri, alendo ndi eni mudzi, amalowa m'kaundula. Owerenga ambiri ndi anthu ongodzipereka. M'dziko muno bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndilo limagwira ntchito limodzi ndi BirdLife International. Buku lalikulu la mbalame za m'Malawi, lolembedwa ndi Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett mu 2006, lili ndi mitundu pafupifupi 650.

Zida zoyambira ndi kope ndi cholembera. Wowerenga asankhe malo amodzi, kaya ndi ku Kambwe, ku Kaporo, ku Ngara, ku Chilumba kapena pamlatho wa mtsinje wapafupi, n'kumapitako kamodzi pamwezi nthawi yofanana. Alembe tsiku, nthawi, mmene madzi alili, mitundu imene waona ndi chiwerengero chake. Mbalame yosaidziwa ailongosole momwe ilili: utali wa mlomo, mtundu wa miyendo, kayendedwe. Kulemba kuti "sindidaidziwe" kuli bwino kuposa kuipatsa dzina longopeka. Dzina la Chingonde kapena Chitumbuka limene agogo atchula alilembenso pambali.

Foni yokhala ndi kamera imawonjezera umboni, chifukwa chithunzi chimasunga tsiku ndi ola. Vuto lake n'lakuti mbalamezi ndi zazing'ono ndiponso zamantha. Wozilondola amangojambula mchenga. Njira yake ndi kukhala pansi, makamaka kugona chafufumimba, utavala zovala zosawala, n'kudikira. Mbalame zimaopa munthu woimirira kuposa wogona, ndipo pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri zimabwera zokha zikudya. Chithunzi chojambulidwa kamera ili pafupi ndi nthaka chimaonetsa diso la mbalame ndipo kumbuyo kwake kumayera bwino. Amene ali ndi magalasi oonera patali atha kugunditsa kamera ya foni pagalasi limodzi, n'kupeza chithunzi chokwanira kudziwira mtundu wa mbalameyo.

Dzuwa nalo lili ndi malamulo ake ku Karonga. Nyanja ili kum'mawa, ndipo dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri a Livingstone a ku Tanzania. Wojambula m'mawa atayang'ana kunyanja amapeza mbalame zakuda bii pamadzi onyezimira. N'zokongola, koma sungadziwe kuti ndi mbalame yanji. M'mawa ndi bwino kuloza kamera motsata gombe, ndipo chakumadzulo, dzuwa lili kumsana, ndi pomwe nthenga zimaoneka mtundu wake weniweni. Masiku a mwera mchenga wouluka umakanda galasi la kamera, kotero kathumba ka pulasitiki n'kothandiza.

Makolo asalole ana kupita okha kumathiriro a mitsinje. Kumeneko kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odikha a m'mabango ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Chisa chapamchenga chijambulidwe chapatali ndiponso mwachangu. Mbalame zikapezeka zitafa zambiri malo amodzi, asazitole kapena kuzidya, koma adziwitse alangizi a ziweto. Chimfine cha mbalame chidapha mphipi za m'nyanja zoposa 20,000 ku South Africa mu 2021, ndipo chimatha kugwira nkhuku, nthawi zina ngakhale anthu.

Chenjezo lina ndi la amene angafune kukajambula kumtunda. Madamu a pamigodi kulikonse amakopa mbalame za m'madzi, chifukwa mbalame siiwerenga zikwangwani, koma munthu amayenera kuziwerenga. Malo a mgodi salowedwa popanda chilolezo. Mu Disembala 2016 nzika zisanu ndi zitatu za ku Tanzania zidamangidwa pankhani yokhudza ulendo wawo wokaona mgodi wa Kayelekera, ndipo zidakhala m'chitokosi miyezi ingapo. Mitsinje ya kumunsi, kunja kwa mpanda, ndi yokwanira kwa wowerenga mbalame, bola ayambe waonekera kwa nyakwawa ya deralo.

Zimene zalembedwa m'kope zitha kutumizidwa pa intaneti kudzera pa eBird, nkhokwe ya yunivesite ya Cornell ku America imene idayamba mu 2002, komwe akatswiri a dziko lililonse amaziona. Wopeza mbalame yovala mphete alembe manambala ndi mawu onse a pampheteyo, pamodzi ndi tsiku ndi malo. Kumwera kwa Africa kaundula wa mphetezi amasungidwa ndi SAFRING kuyunivesite ya Cape Town, ndipo kumeneko amatha kunena dziko ndi chaka chimene mbalameyo idavekedwa.

Mu Malichi ndi Epulo alendo amayamba kusintha zovala. Curlew sandpiper amafiira pachifuwa ngati njerwa, ndipo timbalame totchedwa white-winged tern, timene dzinja lonse timauluka pamwamba pa madambo tili toyera, timada thupi lonse kupatula mapiko ndi mchira. Pofika Meyi ambiri amakhala atapita. Amatsala ndi ochepa, makamaka ana a chaka chatha amene sadafike pa msinkhu woswa, ndipo amenewa ndi omwe wowerenga wa mu Julaye amawapeza pakati pa eni mudzi.